Kudwala kwa Gavanala, nkhukundembo ya amuna anga

Chizindikilo choyamba tinachimva ndi makutu tisanachione ndi maso. Unali mmawa wa m'nyengo yozizila, mwezi wa Juni chaka chatha. Ndinali nditawatulutsa amuna anga a Zimba kuti aothe dzuwa pampando wawo, monga ndimachitila masiku onse. Anaimba mluzu. Nkhukundembo yathu, imene imayankha mluzu wawo ngakhale ili kuseli kwa nyumba, sinayankhe. Anaimbanso. Inangoyetsemula, ndi kupukutila nkhope yake paphiko.

Ndiyambe ndafotokoza pang'ono, chifukwa wina angadabwe kuti mayi wamkulu ngati ine ndikusimba za mbalame ngati za mwana wobala. A Zimba anali mesenjala pa boma kuno ku Lundazi. Zaka zingapo zapitazo anagwa ali pantchito ndi matenda aja a sitiloko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, ndipo mawu anatsekeka. Amamva zonse, nzelu zili bwinobwino, koma akafuna kunena kuti madzi, pakamwa pamatuluka zina. Munthu amene anali wanthabwala, amene anzake ankadzaza pakhonde pathu Loweluka, anasanduka wongokhala. Anzakewo poyamba ankabwela, koma kenaka anatopa ndi kuyankhula okha. Chimene chinawatsalila a Zimba ndi kamluzu kochepa kotulukila mbali imodzi ya pakamwa.

Nkhukundemboyo inachokela ku dzila limodzi limene anatisiyila aphunzitsi ena posamukila ku Chipata. Thadzi lathu linalifungatila pamodzi ndi mazila ake, ndipo munatuluka tambala wa nkhukundembo amene anakula kupitilila amake omulela. Ana athu ndiwo anamupatsa dzina loti Gavanala, chifukwa cha kayendedwe kake, kutukumula chifuwa ndi kukoka mapiko pansi ngati akuyendela anthu ake. Ine ndinawaopseza kuti dzinalo lisamatuluke kunja kwa mpanda, popeza masiku ano makutu ndi ambili, choncho pagulu timangoti Gava. Pakhomo pathu timamutchula ngati munthu, ndipo nanenso ndimutchula chomwecho pano.

Tsiku lina a Zimba anaimba kamluzu kawo kaja, Gava nayankha ndi kulila kwake kwa gulugulu, khosi lonse likugwedezeka. Anaimbanso, iye nayankhanso. Kuseka kwa amuna anga koyamba chigwele ndinakumva tsiku limenelo. Kuyambila pamenepo awiliwa amacheza mmawa wonse, wina mluzu wina gulugulu, ine n'kumagwila ntchito zanga mtima uli m'malo.

Tsono mmawa uja sindinadandaule kwenikweni. Ndinati ndi chimfine cha mphepo, chitha chokha. M'masiku otsatila m'maso mwake munayamba kutuluka misozi ya thovu, m'mphuno mamina, ndipo minofu yofiila ya kukhosi ija inayamba kutuwa. Ndinachita zimene tonse timachita, kusinja tsabola ndi kuthila phulusa m'madzi ake akumwa. Sizinathandize. Ankadyabe pang'onopang'ono, ndiye ndinapitiliza kudikila.

Lamulungu lake, pobwela ku tchalitchi, ndinamupeza ataima pafupi ndi mbale yake ya gaga. Ankajompha pansi, pambali pa mbaleyo, mobwelezabweleza. Ndinamutembenuza kuti ndione nkhope. Pansi pa maso onse awili panali patatupa ngati wina walowetsamo mazila a nkhunda mkati mwa khungu. Maso anali atatsekekelatu. Sinali nkhope ya mbalame imene ndinaisiya mmawa. Ndinakhala pansi pafumbi ndi zovala zanga za ku tchalitchi, osadziwa chochita. Ndaweta nkhuku moyo wanga wonse, koma chotele ndinali ndisanachionepo.

Madzulo ake a Zimba anakankha mbale ya chakudya. Mmawa mwake anakankhanso phala.

Pakhomo pathu timakhala ndi alamu anga a NyaZimba, achemwali awo aakulu a amuna anga, amene anachoka kumudzi kudzandithandiza mlongo wawo atagwa. Ndi mayi wolimbikila, wamtima wabwino, ndipo popanda iwo sindidziwa kuti ndikanachita bwanji. Iwo ananena zimene mayi aliyense wa kumudzi akananena, kuti mbalame ikadwala mpeni usachedwe, ndiwo zingatayike pachabe. Sanamalize n'komwe. A Zimba anamenya ndodo yawo pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika, ndipo misozi inali kutsika m'masaya mwawo. Alamu sanabwelezenso mawu amenewo.

Mbili inafika kwa oyandikana nawo, ndipo anthu anaopa kuti ndi chitopa, matenda aja amene amasesa nkhuku mudzi wonse. A tcheyamani a seksheni yathu, akulu a chipani m'dela lathu, anabwela kudzaona. Anayankhula mwaulemu, koma anati ngati ndi chitopa mbalameyo iphedwe ndi kukwililidwa m'dzenje lakuya, isapatsile za anthu. Ndinawapempha kuti ndiyambe ndapita nayo kwa dokotala wa ziweto pa boma. Anavomela akumwetulila, nati sanaonepo munthu akupita ndi nkhukundembo ku chipatala, koma ndiyese.

Ndinamukulunga m'chitenje, ndi kumuika m'dengu, n'kusenza. Ndi wolemela ngati mwana woyamba kuyenda. Njila yathu imadutsa pa msika, ndipo anyamata oona makhadi a chipani pachipata anandiimitsa poganiza kuti ndikukagulitsa. Ndinawaonetsa khadi langa, ndi kuvundukula chitenje pang'ono. Amene ankafunsa mtengo anabwelela m'mbuyo ataona nkhopeyo, nandiuza kuti ndipite.

Ku ofesi ya ziweto ndinapeza azibambo ambili atakhala pabenchi, eni ng'ombe odikila mankhwala a nkhupakupa. Dokotala anali atapita panjinga kukaona ng'ombe yodwala kumidzi. Ndinakhala pansi pamthunzi, dengu pamiyendo. Azibambowo anandiseka ndithu. Wina anafunsa ngati wodwalayo ali ndi khadi la sikelo, wina anati ndimupatse iye akamuchizile mumphika. Ndinaseka nawo, koma m'mtima ndinali kupemphela, chifukwa ndinkamva Gava akupuma movutikila pansi pa chitenje. Tinadikila mpaka dzuwa linapendeka.

Dokotalayo atafika anali mnyamata ndithu, fumbi mpaka m'mawondo, koma sanandinyoze. Anamuika Gava patebulo, namutsegula kukamwa, nadina potupa paja ndi chala. Anandifunsa ngati zitosi zili zobiliwila, ngati khosi likupotoka, ndiponso ngati nkhuku zanga zikufa. Zonsezo ndinati ayi.

"Amayi, ichi si chitopa," anatelo. "Chitopa chilibe mankhwala, koma matenda awa ali nawo. Mwachedwa, koma moyo ulipo."

Anatenga jakisoni wopanda kanthu, nandiuza kuti ndigwile mutu. Analowetsa singano potupa paja ndi kukoka. Munatuluka zinthu zonanda ngati thelele, zambili zoti sindinakhulupilile kuti zingakwane m'kamutu kakang'ono kotele. Ndinagwilabe mutuwo osautaya. Atatha mbali zonse ziwili, nkhope inaphwa, ndipo diso limodzi linatseguka pang'ono.

Kenaka anatsegula kabati natulutsa thumba limene linali litatsala pang'ono kutha. Munali ufa wachikasu. Anati ndi mankhwala a mtundu wa antibayotiki, opha tizilombo ta matendawo, ndipo anakhuthulila wonse wotsalawo m'kachitini. Anandionetsa muyeso wake ndi kundilangiza bwino. Ndizisungunula m'madzi atsopano mmawa uliwonse, ndiziika pamthunzi, ndisamupatse madzi ena, ndimupatule ku nkhuku chifukwa nkhuku zimatha kusunga matendawa zokha zisakudwala. Anabweleza kuti si mankhwala a anthu. Chimene anatsindika kwambili n'chakuti ndisaleke mpaka ufa wonse utatha, ngakhale mbalameyo itaoneka ngati yachila.

"Amenewa ndi otsiliza," anatelo pondipatsa kachitiniko. "Sindidziwa kuti ena abwela liti."

Kunyumba ndinasesa kachipinda kamene timasungilamo makasu, ndi kuyala udzu wouma. Mmawa kukazizila ndinkaikamo mbaula kwa kanthawi, chitseko chili chotsegula. Ndinkamupukuta maso ndi madzi ofunda amchele, ndi kumudonthezela mankhwala ndi supuni m'mbali mwa mlomo, popeza yekha sankaona pomwela. Gaga ndinkamunyowetsa ndi kuumba timibulu, n'kumamuika m'kamwa. A Zimba anakana kukhala pamalo pawo pa masiku onse. Analoza ndi ndodo mpaka tinasunthila mpando wawo pakhomo pa kachipindako, ndipo ankagwila mbale ya mankhwala ndi dzanja lawo lamanzele pamene ine ndikumwetsa.

Mulungu anatichitila chifundo, mankhwala anagwila msanga. Kutupa kunayamba kutsika, maso anatseguka, ndipo mmawa wina ndinamupeza akujompha gaga yekha. Tsiku limenelo a Zimba anamaliza chakudya chawo chonse. A tcheyamani atamva kuti si chitopa anasangalala, nauza anthu kuti mitima ikhale pansi.

Ufa uli pafupifupi pakati pa kachitini, kunabwela uthenga wa malilo. Amalume anga, amene anandilela, anamwalila kwathu kufupi ndi Chipata. Malilo otele munthu sungatumize mawu. Ndinawaonetsa alamu muyeso wa mankhwala, ndi pomwe ndimasunga kachitini, n'kunyamuka. Ndinkaganiza kuti ndikangoika malilo ndibwelela, koma mabasi anali osowa, akuti kunalibe dizilo, ndipo ndinakhalitsa kuposa mmene ndinafunila.

Ndinafika pakhomo masana. Mpando wa a Zimba unali pakhomo pa kachipinda paja, koma wopanda munthu. Ndinalowa ndisanatule n'katundu yemwe. Gava anali atagona chammbali paudzu, phiko limodzi litatambasuka. Nkhope inali itatupanso kuposa poyamba, makamaka kumanzele, ndipo popuma pakhosi pankalila ngati madzi akuwila. Ndinathamangila pashelefu pamene ndinasiya kachitini. Kanali pomwepo. Nditatsegula ndinapeza kotsukidwa bwino, muli mchele.

Ndinatuluka ndi kachitiniko m'manja kukafunsa alamu.

Alamu anandifotokozela popanda kubisa chilichonse, chifukwa kwa iwo panalibe cholakwa. Anati nditangochoka Gava anadzuka, akudya, akuyenda, wachila. Anthu anali atamva kuti pakhomo pathu pali mankhwala a ku boma amene adzutsa mbalame yakufa. Ndiye anayamba kubwela amayi, wina ndi supuni, wina ndi kapepala, kudzapempha pang'ono pokha kuti asungile nkhuku zawo. Iwo anagawa mpaka unatha. Patapita masiku ochepa mbalame inayambanso kuyetsemula.

"Alamu, sopo amene tinachapila mwezi watha anachokela kuti?" anandifunsa. "Si kwa anthu omwewa? Ndikanawauza chiyani, kuti ufawo ndi wa mbalame yathu yokha?"

Ananena zoona. M'zaka zino za kusowa kwa zinthu tikukhala ndi moyo chifukwa cha supuni. Amene waima pamzele n'kupeza shuga amagawila mnzake, amene wapeza saladi, mafuta ophikila aja, amathilila mnzake m'kabotolo. Mayi amene amakana supuni ya mnzake sakhalitsa pamudzi. Alamu anachita zimene amayi athu anatiphunzitsa.

A Zimba ndinawapeza m'nyumba atagona, nkhope ataloza kukhoma. Alamu anati chiyambileninso matendawo sakufuna kutuluka, ndipo chakudya akungolawa. M'masiku ochepa amenewo anali ataonda moti ndinaopa. Ndinaona poyela kuti mbalameyi ikapita, amuna anga sadzadzukanso pamphasa paja.

Mmawa mwake ndinasenzanso dengu. Dokotala atamva nkhani ya masupuni anagwila mutu wake ndi manja onse awili. Sanandikalipile, koma anati matenda akabwelela chotele amabwela ndi mphamvu, chifukwa tizilombo tinangokomoka, sitinafe. Anakokanso ndi jakisoni. Kumanja zinatuluka, koma kumanzele mafinya anali atalimba, ndipo anachita kung'amba pang'ono ndi kampeni kuti awachotse. Anatsegula kabati kundionetsa kuti mulibe kanthu. Anati mwina kumapeto kwa mwezi kungabwele mankhwala kuchokela ku Chipata, koma mbalameyi siingafike kumeneko.

"Ngati ufa uja ulipo penapake wouma, kaufuneni lelo lomwe," anatelo.

Inu amayi anzanga mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Kubwelela pakhomo pa munthu kukatenga chimene unamupatsa, kwathu kuno n'chimodzimodzi kumuuza kuti chibale chatha. Sindinaonepo amayi anga akuchita zotele, ngakhale m'chaka cha njala. Njila yonse yobwelela ndinali kuyankhula ndi Mulungu. Ndinati Ambuye, mukudziwa kuti si dyela, mundipatse nkhope yoimila nayo pamakomo a anthu.

Alamu atamva zimene ndikufuna kuchita anagwila pakamwa. Anati ndiwachititsa manyazi iwo amene anagawa, ndipo anthu adzatiloza zala mpaka kumanda. Komabe ananditchulila makomo onse amene analandila. Ndinalowa kwa a Zimba ndi kuwauza zonse, chifukwa dzina limene ndinkakaliika pamanyazi ndi lawo. Anatembenuka, nandiyang'ana. Kenaka anatenga ndodo yawo naloza kuchitseko.

Ndinayamba ndi khomo lapafupi. Odi, monile, kukhala pamphasa, kufunsana za ana ndi za malilo amene ndinapitako. Nditanena chimene ndabwelela, mayiyo anati pepani, ufa wake anauthila wonse m'madzi a nkhuku tsiku lomwelo. Pakhomo lachiwili ndinapeza mayi wachikulile. Anaimilila, nasolola kapepala kopotokola kudenga, nandiika m'manja, nati yewo, mukamudwazike. Ena anachita chimodzimodzi, ena akuseka kuti Gava ali ndi mwayi kuposa amuna awo.

Kwa a NyaNyilenda, amene tinkayendela limodzi ku mapemphelo a amayi Lachinayi, zinavuta. Anandimvetsela mpaka kumapeto nkhope itauma. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapepala ka ufa, naponya pamphasa patsogolo panga. Analowanso, nabwela ndi kapu ya mchele imene anabweleka kwa ine kalekale, naiika pambali pake. Anati nditenge zonse, kuti pasakhalenso changa m'nyumba mwawo, popeza mbalame yaposa anthu. Ndinatola kapepalako. Mchelewo ndinausiya pomwepo.

Khomo lotsiliza linali la a NyaBanda, mtsikana wokwatiwa chaposachedwa, amene amuna ake anali atapita kukagwila ntchito ku Lukusuzi. Ndikuyandikila ndinakumbukila kuti pakhomo pamenepo palibe nkhuku ngakhale imodzi. Ndinamupeza atakhala pakhonde, mwana wake wakhanda ali pamiyendo, pambali pali kapu ya madzi ndi kapepala kotsegula. Ndinafunsa kuti ufawo ndi wa chiyani. Anandiyankha mosabisa kuti mwana watsegula m'mimba kuyambila dzana, ndipo anamva kuti ufa wa kwa a Zimba ndi wamphamvu, wadzutsa chinthu chimene chinali kufa. Ankadikila kuti madzi azizile.

Ndinamutenga mwanayo. Anali wopepuka, maso atalowa mkati, liwombo litabonyoka, ndipo kulila kwake kunalibe misozi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti dokotala ananenetsa kuti amenewa si mankhwala a anthu, nanji khanda. Anayamba kulila, nati ankaopa kupita yekha ku chipatala, sadziwa poyambila. Za nkhukundembo ndinaziiwala nthawi yomweyo. Ndinamanga timapepala tanga kunsonga ya chitenje, ndinamubeleka mwanayo ndekha, n'kuuyamba wa ku chipatala, amake akutsatila m'mbuyo.

Mzele unali wautali, anthu atakhala mpaka panja pansi pa mitengo. Koma nesi wina podutsa anasuzumila kumsana kwanga, nagwila pamutu pa mwanayo, natilowetsa nthawi yomweyo. Anamupima, nayamba kumumwetsa madzi amchele ndi shuga ndi supuni, pang'onopang'ono, ndipo anati agonekedwe. Nditamuonetsa ufawo anandiyang'ana ngati sanamve bwino, nafunsa ngati mwana walawako. Tinati ayi. Anati tithokoze Mulungu, chifukwa tikanadikila mpaka mawa mwanayo sakanakhala moyo. Ndinakhala nawo mpaka mwanayo anayamba kuyamwa, kenaka ndinabwelela kunyumba dzuwa likulowa. Mwanayo anatuluka m'chipatala sabata yomweyo, ndipo lelo akuthamanga.

Mmawa mwake ndinapita ndi timapepala tonse kwa dokotala wa ziweto. Anatsegula kamodzikamodzi, kununkhiza, ndi kutaya kamene kanali katanyowa. Zotsalazo anati n'zochepa, koma tiyese, ndipo ndisataye ngakhale dontho.

Kudwazika kwachiwiliku kunali kwa nthawi yaitali ndi kotopetsa. Gava sankatha kuimilila, ndinkachita kumutsamilitsa ku thumba la udzu. Mankhwala ndinkadontheza pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Chilonda cha kumanzele ndinkachitsuka ndi madzi amchele mmawa ndi madzulo, ndi kuingitsa ntchentche. Panali masiku ena amene sindinkaona kusintha kulikonse, ndipo ndinkatsegula chitseko cha kachipindako mtima uli m'mwamba. Alamu sanayankhule nane bwino kwa kanthawi. Koma mmawa wina ndinawaona akuchokela ku chulu ndi mphika wa chiswe chimene anatchela ndi udzu wonyowa, nakhuthulila patsogolo pa Gava. Chimenecho ndicho chakudya choyamba chimene anajompha yekha.

A Zimba ndinkawauza zonse madzulo alionse, zabwino ndi zoipa zomwe. Tsiku limene ndinawauza kuti Gava waimilila, analoza mpando wawo. Tinawatulutsa ine ndi alamu, wina mbali iyi wina mbali iyo. Anakhala pakhomo pa kachipindako tsiku lonse, ndipo anadya pomwepo.

Ufa unatha kulila kwa pakhosi kutasiya. Dokotala anabwela yekha panjinga kudzamuona, nati mphuno zauma, matenda apita, koma diso la kumanzele lafa ndipo silidzaonanso. Anandichenjeza kuti nyengo yozizila ikamabwela ndizimuyang'anitsitsa, chifukwa matendawa amatha kudzuka. Mawu a Gava anabwelela mochedwa, osasa poyamba. Nthenga za kumchila zimene zinathothoka zinamela ndi mvula yoyamba.

Lelo Gava ali bwino. Wanenepa, khosi lafiilanso, ndipo ali ndi khola lakelake kutali ndi nkhuku. Nyengo yozizila ya chaka chino yadutsa osayetsemula. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza dokotala uja amene sananyoze mayi wosenza mbalame, nesi amene anasuzumila kumsana kwanga, ndi amayi onse amene anandibwezela timapepala tawo. A NyaNyilenda mpaka lelo sandiyankha moni. Ku mapemphelo amakhala benchi lina. Ndimawapemphelela, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa chimene ndinachita n'chachilendo ndithu.

Kwa inu amene muwelenge izi ndili ndi mawu ochepa. Chiweto kapena mwana akayamba kusintha, musadikile kuti nkhope itupe ngati mmene ndinadikilila ine ndi tsabola wanga. Pitani kwa odziwa matenda akadali aang'ono, ngakhale anthu akusekeni pamzele. Mukapatsidwa mankhwala, amalizeni onse monga mwauzidwila, wodwala angaoneke wachila bwanji. Tizigawana mchele, sopo ndi shuga monga mwa masiku onse, koma mankhwala ayi. Amene wapatsidwa ndiye mwini wake, ndipo a ziweto asafike pakamwa pa mwana.

Chotsala chimodzi ndi diso lija. Popeza kumanzele saona, Gava amadzidzimuka galu kapena njinga ikatulukila mbali imeneyo, ndipo tsiku lina galu wa eni ake anatsala pang'ono kumugwila. A Zimba anaona zimenezo ali pampando. Mmawa mwake, Gava akutuluka kukadya msipu, ndinaona amuna anga akulimbana ndi ndodo yawo mpaka anaimilila okha. Anakoka mwendo wawo pang'onopang'ono nakaima kumbali yakhungu ya mbalameyo. Kuyambila tsiku limenelo ndiyo ntchito yawo. Gava akasuntha, iwonso amasuntha. Poyamba ankathela pa mtengo wa mango wa pabwalo, kenaka anafika kuchipata. Sabata yatha ndinawasowa pakhomo onse awili, ndipo nditatuluka ndinawapeza kumsewu, a Zimba ataimitsa mnyamata wa njinga ndi ndodo yawo kuti Gava awoloke.